Kupolisha galimoto ndi makina: zimene zimachoka pa penti ndi zimene ziyenera kutsala

Imikani galimoto yakuda padzuwa la masana, kapena usiku pansi pa magetsi a pamalo omwetsera mafuta mu Great East Road ku Lusaka, muyang'ane pa boneti pomwe kuwala kwagunda. Muona timizere tambirimbiri tozungulira kuwalako ngati ukonde wa kangaude. Eni magalimoto ambiri akaona zimenezi amati penti watha ndi dzuwa. Nthawi zambiri penti amakhala alipo ndithu, chavuta n'chakuti pamwamba pake pakalikakalika, ndiye kuwala kukagwapo kumabalalika m'malo mobwerera molunjika m'maso. Timizereto tinalowera mbali zonse, koma diso limagwira tokhato timene tapingasa kuwala, n'chifukwa chake timaoneka ngati mikombero.

Kumene timachokera n'kodziwika. Kuyambira May mpaka October fumbi la m'misewu ya dothi ya ku Chalala, ku Kanyama kapena ku Chawama limatera pa galimoto tsiku ndi tsiku, ndipo m'fumbimo muli timchenga tolimba kuposa penti. M'mawa munthu atenga nsalu youma n'kupukuta. Loweruka galimoto ipita kotsukitsa m'mbali mwa msewu, kumene ndowa ndi imodzi, madzi ake afiira kale, ndipo mutton cloth imene yangochoka pa matayala ndi yomweyo ikukwera padenga. Kupukuta kulikonse kotere n'chimodzimodzi kukwecha ndi sandipepala yosalala.

Penti wa galimoto ndi wopyapyala kuposa momwe ambiri amaganizira. Pa galimoto yochokera ku fakitale, pamwamba pa chitsulo pali magawo anayi osanjikizana: loteteza ku dzimbiri, pulaimala, mtundu weniweniwo, ndipo pamwamba pa zonse vanishi woonekera mkati amene amisiri amangomutcha kiliya, kuchokera ku dzina lake loti clear coat. Zonse pamodzi nthawi zambiri zimakhala pakati pa ma micron 100 ndi 150. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo pepala la mu ofesi limachindikala pafupifupi ma micron 100. Kiliya yekha amakhala ma micron 35 mpaka 50, theka la pepala lija kapena kucheperapo. Ntchito yonse yopolisha imachitikira m'kagawo kameneka.

Makina sathira kanthu m'mizeremo. Amapala kiliya wozungulira mzere mpaka pamalo ponse patsike kufika pansi pa mzerewo, monga momwe mmisiri wa matabwa wa ku Kalingalinga amapalira thabwa lonse pofuna kuchotsa pamene panagunda hamala. Koma thabwa n'lochindikala, pamene kiliya ukamupala sameranso. Polishi wosalala amadya micron imodzi mpaka atatu. Kompaundi, phala lopalira lokhakhala kuposa polishi, pa mopu ya ubweya ikhoza kudya 5 kapena kuposerapo pa ulendo umodzi. Mu kiliya momwemo ndi mmene muli mankhwala otchinga cheza cha dzuwa kuti chisaotche mtundu, ndipo Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, kumene dzuwa limaluma chaka chonse. Muyezo umene amisiri osamala amatsata ndi wakuti pa moyo wonse wa galimoto osachotsa kupitirira kota ya kiliya. Pa kiliya wa ma micron 40 ndiye kuti 10 okha. Galimoto ingapirire kupalidwa kwamphamvu kamodzi, mwina kawiri, basi. Choncho mmisiri amene wasiya dala mizere ina yakuya musamuone ngati waulesi, wakusungirani penti.

Zimene zingachoke ndi zimene sizingachoke

Yendetsani chikhadabo mopingasa mzere pang'onopang'ono. Chikadutsa osakodwa, mzerewo uli pamwamba ndipo uchoka. Chikakodwa, walowa kwambiri. Makina angangosalaza milomo yake kuti usamaonekere patali, koma kuuthamangitsa mpaka utheretu ndi kuboola kiliya. Mukhozanso kudonthezerapo madzi. Mzere umene ukuzimiririka ukanyowa uli mu kiliya, pamene umene ukuonekabe woyera kapena wotuwa wafika pa pulaimala, ndipo pamenepo pakufunika penti.

Pali matenda ena amene amapusitsa anthu. Pa madenga ndi maboneti a ma Corolla, ma Vitz ndi ma Allion amene akhala zaka padzuwa pamatuluka zigamba zoyera ngati zikanga, kenako kiliya amayamba kusupuka ngati khungu lopsa ndi moto. Ameneyo ndi kiliya wakufa. Mukaikapo makina awala masiku angapo chifukwa cha mafuta a mu polishi, koma mwangomuonjezera kupyapyala ndipo asupuka msanga. Mankhwala ake ndi kupentanso.

Madontho a madzi ndiye vuto lathu lenileni kuno. Mzindawu wakhala pa miyala ya laimu, ndipo madzi a m'ma borehole ambiri ali ndi laimu wochuluka, yemwe uja amayeretsa mkati mwa ketulo. Madzi otere akaumira pa boneti yotentha amasiya timikombero toyera. Tatsopano timachoka ndi viniga wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana, kusiya mphindi imodzi n'kutsukuluza. Takalekale timakhala titadya kiliya n'kusiya timaenje, monganso zimachitira zitosi za mbalame ndi utomoni wa mitengo, ndipo apo m'pamene polishi amagwira ntchito.

Ngati mukufuna kugwira ntchitoyi pa magalimoto a anthu, gulani kachipangizo koyezera kuchindikala kwa penti musanagule makina okwera mtengo. Magalimoto ambiri a kuno anagwira kale ntchito ku Japan, analowera pa Dar es Salaam ndi pa Nakonde, ndipo mwini wake sadziwa kuti anapolishidwa kangati kapena kuti ndi chitseko chiti chinagundidwapo. Yezani malo angapo pa gawo lililonse. Nambala za ma micron zikatsika kufika cha m'ma 80, gwiritsani polishi wosalala yekha. Chitseko chimodzi chikaonetsa 250 kapena 300 pamene zinzake zili pa 120, chinapentedwanso, ndipo chikapitirira 500 pansi pake pali fila, phala lija amamata podzaza pamene panagundidwa. Nambala yaikulu isakunamizeni, chifukwa kachipangizoka kamawerenga magawo onse pamodzi, ndipo penti wobwereza akhoza kukhala wochindikala pansi koma kiliya wake ali wochepa. Yezaninso mkati mwa felemu la chitseko, mmene fakitale imathira kiliya wochepa kwambiri. Kusiyana kwa nambala ya mmenemo ndi ya kunja kumakupatsani chithunzi cha kiliya amene watsala. Tizipangizo totchipa timawerenga pa chitsulo pokha, pa bampala ya pulasitiki sitinena kanthu.

Makina, masiponji ndi kompaundi

Makina alipo a mitundu iwiri. A rotary, monga Makita 9237C, amangozungulira pamalo amodzi osagwedezeka, kuyambira maulendo 600 mpaka kupitirira pang'ono 3,000 pa mphindi. Amapala msanga, ndiwo amene amisiri owongola ndi kupenta magalimoto anazolowera, koma amatenthetsa penti ndipo sakhululukira dzanja losadziwa. A dual action, amene ambiri amangoti DA, amazungulira kwinaku akugwedezeka m'kamkombero ka mamilimita 8, 15 kapena 21 malinga ndi mtundu wake. Popeza siponji siikhula malo amodzimodzi, kutentha kumachepa, ndipo mukakanikiza kwambiri imaleka kuzungulira yokha. Woyamba kumene ayambire pa DA ya mamilimita 8 kapena 15 yokhala ndi mbale yomatapo siponji ya mamilimita 125. Ndipo chonde, girainda yodulira zitsulo isayandikire penti ngakhale mutaimangirira mopu yofewa bwanji. Girainda yaing'ono imathamanga maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi, ndipo pa liwiro limenelo kiliya amapsa m'kuphethira kwa diso.

Mphamvu yopala imachokera ku zinthu ziwiri pamodzi, siponji ndi phala limene mwaikapo. Mopu ya ubweya wa nkhosa ndi ya microfibre ndizo zimadya kwambiri, kenako siponji yolimba, yapakatikati, ndi yofewa yomalizira. Musadalire mtundu wa siponji, chifukwa yachikasu ya kampani ina ndi yopalira pamene ya kampani ina ndi yomalizira. Werengani pa paketi ndipo ifinyeni ndi chala. Mu kompaundi ndi mu polishi muli timchenga tosaoneka ndi maso, kawirikawiri ta aluminium oxide. Farécla G3, Meguiar's M105 ndi Menzerna 400 ndi zopalira, pamene Meguiar's M205 ndi Menzerna 3800 ndi zomalizira. Mwa zimenezi, zina timchenga take timasweka n'kumachepa pamene mukugwira ntchito, ndiye muyenera kupitiriza mpaka phalalo lioneke lopyapyala ngati mafuta. Mukalekeza panjira limasiya mizere yakeyake. Zina, monga M105, timchenga take sitisintha, ndipo mumaleka pamene mizere yachoka. Pa galimoto yaing'ono botolo la mamililita 250 la chilichonse limakwana n'kutsala. Chimene anthu amaumira ndi masiponji: pamafunika 4 mpaka 6 a mtundu uliwonse umene mukugwiritsa ntchito, ndi nsalu za microfibre zoyera zosachepera 10.

Musanayatse makina

Kamchenga kamodzi kakakodwa pansi pa siponji kamalemba mizere yopotana pa chitseko chonse, choncho kutsuka kwake kukhale kwa mtima wonse. Tsukuluzani fumbi ndi madzi ambiri musanakhudze penti, sambitsani ndi shampu ya magalimoto, chotsani madontho a phula m'munsi mwa zitseko ndi mankhwala ake ochotsera phula. Kenako valani kapepala ka pulasitiki kopyapyala kudzanja n'kusisita pa boneti. Mukamva kukhakhala ngati mchenga, ndi tizitsulo ndi zina zimene zinakanirira mu kiliya, ndipo zimachoka ndi dongo lochita kugula lotchedwa clay bar. Lipondeni likhale lathyathyathya, nyowetsani penti ndi madzi a shampu kuti paterere, yendetsani mopepuka mpaka litaleka kukoka, ndipo muzilipinda kuti mbali yoyera ibwere kunja. Likagwa pansi litayeni, musalitsuke.

Umitsani galimoto, kenako matani tepi ya opaka penti pa mapulasitiki akuda, pa mphira wa m'mawindo, pa zilembo ndi m'mphepete mwakuthwa. Kompaundi ikalowa m'pulasitiki yakuda imasiya banga loyera lovuta kuchotsa. Ntchito ichitikire pamthunzi, makamaka m'garaja. Mwezi wa October boneti yakuda imene yakhala padzuwa imapitirira madigiri 60, kompaundi imaumirapo nthawi yomweyo n'kusanduka fumbi. Ngati pansi ndi pa dothi, wazani madzi kuti fumbi ligone. Za magetsi nazonso muziganizire: rotary imakoka ma watt pafupifupi 1,200, DA zambiri zimacheperapo, ndiye jenereta yaing'ono imakwanitsa tsiku limene magetsi azima. Chingwe chidutse paphewa panu kuti chisakwekwereze pa penti.

Chigawo choyesera ndicho chimalamula ntchito yonse. Sankhani malo amodzi pa boneti kapena pa buti, matani tepi pakati, ndipo yambani ndi polishi wosalala pa siponji yapakatikati. Zikachoka zambiri, imeneyo ndiyo njira ya galimoto yonse. Zikakana, kwerani sitepe imodzi yokha, kaya siponji yolimbirapo kaya kompaundi. Penti amasiyana kwambiri. Wa magalimoto ambiri a ku Japan ndi wofewa, ndipo wakuda wa Toyota wa nambala 202 amadziwika kuti amakalika ngakhale ndi nsalu yopukutira. Wa ma Mercedes-Benz, BMW ndi Audi kawirikawiri ndi wolimba, polishi wosalala amangoterera pamwamba. Ngati mwapereka galimoto kwa munthu, palibe chamwano kunena kuti, "Amisiri, tayambani mwayesa apa pokha, tione limodzi padzuwa."

Kayendetsedwe ka makina

Gwirani kachigawo ka masentimita 40 kapena 50 mbali zonse; boneti imagawika zigawo 4 mpaka 6. Siponji yatsopano muyambe mwaipaka phala pang'ono ponseponse ndi chala kuti pasakhale pouma, kenako pa chigawo chilichonse ikani madontho 3 kapena 4 okha, lililonse ngati njere ya chimanga. Phala lochuluka limangonyowetsa siponji n'kuilemeretsa, kupala kumachepa, ndipo limathovukira pa mawindo. Dindani siponjiyo malo angapo, yatsani makina ili kale pa penti, mwazani phala mutaika liwiro la DA pa nambala 1 kapena 2, kenako kwezani kufika 4 kapena 5. Pa rotary palani pa maulendo 1,200 mpaka 1,500, n'kutsika cha pa 900 pomaliza.

Cholakwa chofala kwambiri ndi kuthamangitsa dzanja ngati mukukolopa. Makina aziyenda masentimita 2 kapena 3 pa sekondi, kutanthauza kuti mzere umodzi wa masentimita 50 utenge masekondi pafupifupi 20. Mzere wotsatira uphimbe theka la woyamba. Mukamaliza kupita uku ndi uku, bwerezani chokwera ndi chotsika, mpaka maulendo 4 kapena 6 onse pamodzi. Kanikizani pongokwanira kuti siponji ifinyike pang'ono, ndipo ulendo womaliza pepukitsani dzanja. Siponji igone yonse pa penti. Lembani mzere ndi cholembera chakuda m'mbali mwa mbale ya DA: mukaona mzerewo ukungonjenjemera malo amodzi osazungulira, ndiye kuti mwapendeketsa makina kapena mwakanikiza mopitirira, ndipo palibe chimene chikupalika ngakhale phokoso likumveka. Zimitsani makina siponji isanachoke pa penti.

Mukamaliza chigawo chilichonse, tsukani siponji ndi kaburashi kapena ikhuleni pa nsalu, ndipo mukatha chitseko chimodzi kapena ziwiri isintheni. M'siponjimo mumadzaza kiliya amene mwapala ndi phala louma. Ikadzaza imaleka kudya, imatentha mpaka guluu wa kumbuyo kwake kumatuka, ndipo imasiya chifunga pa penti.

Pukutani ndi microfibre, kenaka pukutaninso ndi isopropyl alcohol wosungunula, gawo limodzi pa magawo 4 kapena 5 a madzi oyera, n'kuunika ndi tochi yowala kwambiri mopendeketsa. Thinner musayerekeze. Kupukuta kumeneku n'kofunika chifukwa mafuta a mu polishi amadzaza timizere n'kutibisa. Apa m'pamene pagona chinsinsi cha galimoto ija imapolishidwa yonse ola limodzi n'kutuluka ikung'anima, koma ikatsukidwa katatu kangaude wabwerera. Sinapalidwe, inangopakidwa mafuta obisa. Ntchito yeniyeni ya sitepe imodzi pa galimoto yaing'ono imatenga maola 4 mpaka 6, ndipo ya masitepe awiri, kupala ndi kumalizitsa, imadya tsiku lathunthu kapena awiri.

Zimene zimalakwika

Mizere yowala ngati mafunde, imene imakutsatani mukamayenda mozungulira galimoto padzuwa, amaitcha hologram. Imabwera ndi rotary yoyendetsedwa mopendekera kapena mothamanga, makamaka pa mopu ya ubweya, popanda sitepe yomalizira. M'garaja siioneka, imadikira dzuwa la mawa lake. Imachoka ndi polishi wosalala pa siponji yofewa, bwinonso pa DA. Chifunga chotuwa pa penti wakuda chimatanthauza kuti kompaundi kapena siponji zinali zokhakhala kuposa kufewa kwa pentiyo, ndipo mankhwala ake ndi omwewo.

Choopsa ndi kuboola. Penti ali wamadzi amathawa m'mphepete ndi pa mizere yopindika ya bodi, ndiye pamenepo amakhala wopyapyala kuchokera ku fakitale komwe, komanso mphamvu yonse ya makina imaunjikana pa kamalo kakang'ono. Chizindikiro chake ndi kachigamba kosawala kokhala ndi mkombero, ndi mtundu wa galimoto pa siponji. Zikatero palibe kubweza, gawo lonselo likapentedwenso. Pa rotary, mukafika m'mphepete pendeketsani pang'ono kuti mbali imene ikukhudza penti izizungulira chotuluka m'mphepete, isamagunde chobwera. Bampala ya pulasitiki siimwaza kutentha ngati chitsulo, penti wake amatha kukwinyika mwadzidzidzi, choncho tsitsani liwiro ndipo muzikhudza ndi kuseri kwa dzanja. Pakatentha moti dzanja silingakhalepo, lekani pazizire.

Mtundu pa siponji si tsoka nthawi zonse. Magalimoto akale, ena opentedwanso motchipa, ndi ambiri oyera a Toyota a penti nambala 040 monga ma Hilux ndi ma Hiace akale, alibe kiliya. Mtundu ndi kuwala zili m'gawo limodzi. Yesani pamalo obisika ndi polishi pang'ono pa nsalu yoyera, kapena yakuda ngati galimoto ndi yoyera. Mtundu ukatsalira pa nsalu, ndi penti wotere. Ameneyu akasuluka amachita ngati choko, wofiira amasanduka wotuwa, koma ndi amene amabwerera mokondweretsa kwambiri, chifukwa mukangochotsa gawo lakufalo mtundu wamoyo uli pansi pomwepo. Masiponji amadzaza msanga, khalani nawo ambiri.

Kukwecha ndi sandipepala yonyowa ya nambala 2000 ndi 3000 kumathandiza pa penti wobwereza amene watuluka ngati khungu la lalanje. Pa kiliya wa ku fakitale, popanda choyezera, musayambe.

Penti wopolishidwa amatsala wopanda chomuteteza, ndiye tsiku lomwelo apakidwe. Wakisi wa carnauba pa dzuwa la kuno amakhala milungu ingapo mpaka miyezi iwiri kapena itatu, sealant amafika cha pa miyezi 6, ndipo ceramic coating imatha zaka ziwiri kapena kuposerapo ikapakidwa pa penti wopukutidwa bwino ndi alcohol n'kukhala osanyowa tsiku loyamba, chinthu chofunika kuchiganizira nyengo ya mvula kuyambira November. Ceramic imathandiza kuti dothi lisakanirire, koma mchenga wa pa nsalu yakuda umaikala ndithu. Gawo limene langopentedwa kumene lisapakidwe chilichonse mwa izi kwa mwezi umodzi kapena kupitirira, malinga ndi mmene wanenera wopentayo, kuti mankhwala a mu penti ayambe atuluka.

Potsuka, ndowa zikhale ziwiri, ya shampu ndi ya madzi otsukuluzira nsalu musanaibwezere mu shampu. Yambani padenga kutsika m'munsi, nsalu ya matayala ikhale yakeyake, ndipo sopo wochapira zovala asiyidwe kochapira, chifukwa amasukulutsa wakisi. Fumbi la m'mawa lisiyeni mpaka tsiku lotsuka. Ngati madzi anu ndi a borehole, tsukirani pamthunzi gawo limodzilimodzi ndipo umitsani ndi microfibre yaikulu madzi asanaume okha, kuyambira pa boneti ndi padenga pomwe amakhalitsa.